Chomangidwa kuchokera pansi chimapasulidwa kuchokera pamwamba

Pali timakanema tina timene timazungulira m'mafoni, ndipo mwina anyamata anakuonetsanipo padoko podikira maboti. Bambo waima patsinde pa chinkhokwe chozungulira cha simenti, chotalika ngati mapolo awiri a magetsi olumikiza. Ali ndi chihamala m'manja. Akumenya khoma m'munsi, go! go! go! mabuloko n'kumagwera mkati limodzilimodzi. Mwadzidzidzi chinkhokwe chija chayamba kuwerama. Bambo uja waponya hamala uko, liwiro la mtondo wadooka. Fumbi koboo! Oonerera pafoni kuseka mpaka kugwira nthiti: "Koma amuna awa ndi akatundu!"

Ifenso tinasekapo, tisaname. Koma titakhala pansi n'kuganiza, tinaona kuti kanema amene amafika pafoni ndi wa munthu amene anathawa bwino. Wa uja amene anapunthwa, kapena amene chinkhokwe chinamulondola kumene ankathawira, abale ake samutumiza kwa anthu. Ku America, kumene timakanemati timajambulidwa kwambiri, alimi amafa ndithu pa ntchito imeneyi.

Mwina mukufunsa kuti nanga ife a m'mbali mwa nyanja zikutikhudza pati, popeza m'minda mwathu mulibe nkhokwe zotere. Zoona, mulibe. Koma tili ndi mabalani akale a fodya, nsanja za matanki a madzi, mauvuni a njerwa, ndi makoma a nyumba zimene denga linapita ndi mphepo. Zonsezi ndi zinthu zazitali, zolemera, zoimirira, ndipo tsiku lina munthu amadzafuna kuzigwetsa kapena kuzululapo njerwa. Cholakwa chimene chimapha mlimi wa ku America ndi chomwecho chimene chingaphe mnyamata wa ku Makanjira kapena ku Senga Bay: kuyambira pansi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tiyeni tione kaye za anzathuwo, kenaka tibwerere kwathu.

Nkhokwe za ng'ombe, osati za anthu

Amene munadutsapo pa Kanengo ku Lilongwe, kapena munaona nkhokwe za boma za ku Mangochi, muli nacho chithunzi cha nkhokwe yozungulira yoimirira. Kusiyana kwake n'kwakuti zathuzi ndi zosungira chimanga chouma cha anthu, pamene zambiri za m'mafamu a ku America zinamangidwira chakudya cha ng'ombe za mkaka. Kumpoto kwa dzikolo kumazizira koopsa, msipu osaoneka kwa miyezi ingapo. Choncho alimi amadula chimanga chikadali chachiwisi, mapesi, masamba ndi zisononkho zomwe, n'kuchiduladula tizidutswa, kuchithira m'nkhokwe n'kuchivundika. Chimasasa koma sichiola, ng'ombe n'kumadya mpaka msipu utaphukanso. Chakudya chimenechi amachitcha sayileji.

Nkhokwe yoimirira imene imatchulidwa kuti ndi yoyamba m'dzikolo inamangidwa ndi Fred Hatch m'chigawo cha Illinois m'chaka cha 1873. Inali yamatabwa, ya makona anayi. Vuto la nkhokwe za makona linali lakuti mpweya unkatsalira m'makonamo, chakudya n'kumaolera momwemo. Mu 1891 mphunzitsi wina wa zaulimi pa University of Wisconsin, Franklin King, anafalitsa kamangidwe ka nkhokwe yozungulira, ndipo kanafala m'mafamu ambiri. Pambuyo pake kunabwera za simenti, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kampani ya A. O. Smith ya mumzinda wa Milwaukee inayamba kupanga zachitsulo zabuluu zotchedwa Harvestore, zimene zimatsekeka osalowa mpweya.

Lero zambiri mwa nkhokwezi zangoima, mulibe kanthu. M'zaka za m'ma 1950 chigawo cha Wisconsin chinali ndi mafamu a mkaka opitirira 100,000. Pofika 2024 anatsala osakwana 6,000. Mafamu akuluakulu amene anatsalawo amasunga sayileji m'maenje a simenti kapena m'matumba ataliatali a pulasitiki, chifukwa m'menemo thirakitala imatapa msanga. Nkhokwe zakale zija zatsala ngati zikumbutso, zikung'ambika pang'onopang'ono pafupi ndi makola, nyumba ndi mawaya a magetsi. Mwini famu akaitana akatswiri, amutchula mtengo wokwera. Ndiye amayang'ana hamala yake n'kunena kuti, "Aaa, ndingogwetsa ndekha."

Chimene chimaigwira kuti iime

Kuti timvetse ngozi yake, tidziwe kamangidwe. Nkhokwe zambiri za simenti si khoma limodzi lothira konkire ayi. Ndi mabuloko opyapyala, lililonse lotalika pafupifupi masentimita 75, m'lifupi 25, kukhuthala kwake 6 kapena 7 basi. Amawasanja mozungulira molowana m'mbali, kenaka kunja amamangako malamba achitsulo, monga mgolo wamatabwa umamangidwira. Chimene chimagwira nkhokweyo ndi malambawo. M'munsi malamba amakhala oyandikana kwambiri chifukwa katundu amakankha kwambiri kumeneko.

Tsono m'munsi momwemo ndi mmene nkhokwe imayambira kufa. Madzi a sayileji ali ndi asidi, ndipo kwa zaka zambiri amatsikira pansi n'kumadya simenti. Malamba a m'munsi amachita dzimbiri chifukwa cha chinyezi. Kunja nkhokwe imaoneka yabwinobwino, koma mabuloko apansi, amene asenza ena onse, angakhale atafumbwa ngati mtengo wa chiswe.

Kulemera kwake nakonso tisakupeputse. Titenge nkhokwe ya mamita 18 kutalika, mamita 5 kupingasa. Tikawerengera simenti ya khoma lokha, ikufika matani 40 kapena kuposerapo. Amenewo ndi matumba 800 a chimanga a makilogalamu 50, atasanjikizana m'mwamba pamutu pa munthu mmodzi wa hamala.

Chifukwa chake sigwa ngati mtengo

Ogwetsa okha nkhokwe amatengera nzeru ya kudula mtengo. Amagumula mabuloko a m'munsi mbali imene akufuna kuti igwere, n'kumakulitsa bowolo mbali zonse ziwiri mpaka nkhokwe itawerama. Nthawi zina zimathekadi, n'chifukwa chake timakanema tija tilipo. Koma nkhokwe si mtengo.

Amene munagwetsapo mtengo wosemera bwato mukudziwa kuti mukatema mbali imodzi, pakati pamatsala mtima wa mtengo umene umaugwira n'kuutsogolera kumene ukugwera. Umaliranso kaye, tsee! tsee! kukuchenjezani. Nkhokwe ya mabuloko ilibe mtima wotero. Ndi mulu wa miyala wosanjidwa bwino. Mukachotsa ena m'munsi, kulemera konse kumasamukira pa otsalawo, ndipo palibe amene akudziwa kuti mwa otsalawo lofumbwa kwambiri ndi liti. Likaphwanyika la kumbuyo, nkhokwe imagwera kumbuyo. Likaphwanyika la m'mbali, imapotoloka n'kugwera m'mbali, mwina kumene munthu anakonza zothawira. Nthawi zina sipendekeka n'komwe, imangokhala pansi pomwepo, khu! pamene wa hamala waima.

Palinso china choopsa kuposa izi: nkhokwe imatha kutsika pang'ono, kupendekeka, n'kuima. Apa ndiye pamavuta. Munthu wagumula theka la tsinde, chinthu chakana kugwa, ndipo manyazi ndi mkwiyo zimamubwezera pansi pake kuti akamalize. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kubwerera patsinde pa chinthu chimene chayamba kale kugwa ndi kudzipereka wekha.

Ndipo ikagwa, si pamene yagwera pokha pamene pali ngozi. Mabuloko amathamanga kutali ngati miyala ya legeni, malamba achitsulo akaduka amakwapula ngati chikoti. Kugwa konse kumatha m'masekondi ochepa chabe. Munthu wovala majombo, pansi pali zibuma ndi zitsulo, m'maso muli fumbi, sangathamange mamita 18 m'nthawi imeneyo ngati walakwitsa mbali.

Mmene odziwa ntchito amachitira

Odziwa ntchitoyi sayamba ndi hamala, amayamba ndi maso. Malamulo a bungwe loona za chitetezo cha antchito ku America, OSHA, amanena kuti ntchito yogumula isanayambe, munthu wodziwa ayendere chomangidwacho n'kuona mmene chilili komanso ngati mbali ina ingagwe mosayembekezereka. Amaona ming'alu, dzimbiri, kumene yapendekera, ndi zimene zili pafupi. Amadula magetsi. Amachotsa makina a mkati ndi zonse zolumikiza nkhokwe ku khola, kuti pogwa isakoke nyumba ina. Amaonetsetsa kuti mkati mulibe chakudya chotsalira, chifukwa chikamatirira mbali imodzi chimasintha kumene nkhokwe ingagwere.

Kulowa mkati nakonso amakuopa. Sayileji watsopano amatulutsa mpweya wapoizoni wachikasu, wolemera kuposa mpweya wamba, umene umawononga mapapo. M'nkhokwe zotsekeka zija mumatha kusowa mpweya wopuma, munthu kungolowa n'kukomoka, ndipo wolowa kukamupulumutsa amakomokanso. M'nkhokwe zakale mumadzaza ndowe za nkhunda ndi mileme, ndipo fumbi lake limayambitsa matenda a m'chifuwa.

Akakonza zonsezi, njira zake zimakhala zitatu. Yoyamba ndi kupasula kuchokera pamwamba: antchito amaima pa nsanja yolimba, kumasula lamba mmodzi, kuchotsa mzere umodzi wa mabuloko kuzungulira konse, kutsika, kumasula lamba wina. Imatenga nthawi, koma ndi imene imagwiritsidwa ntchito malo akakhala opanikizika, ndipo mabuloko amatuluka athunthu, mwakuti ena amakamangira nkhokwe ina kwina. Yachiwiri ndi chikatapila cha mkono wautali, chimene chimagumula woyendetsa ali patali. Yachitatu ndi kukoka ndi chingwe chachitsulo, thirakitala ili kutali kuwirikiza kawiri msinkhu wa nkhokweyo. Njira zonsezi zikugwirizana pa mfundo imodzi: pasapezeke munthu patsinde pamene tsinde likufooketsedwa.

Tibwere kwathu

Tsopano tiyang'ane zimene zaima m'midzi mwathu. M'maesiteti akale, monga a ku Namwera ndi madera ena kumene ankalima fodya wochita kuwamba ndi moto, mwatsala mabalani a njerwa ataliatali. M'masukulu, m'zipatala ndi m'madimba a mthirira muli nsanja za matanki, zina za njerwa, zina zachitsulo chodyeka ndi dzimbiri. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi uvuni wa njerwa wopasulidwa theka. Ena anamanga nkhokwe za njerwa kapena mauvuni owambira nsomba amene anasiyidwa. Ndipo pali makoma oima okha a nyumba, magolosale ndi zigayo zimene zinasasuka.

Musaone ngati izi ndi zazing'ono poyerekeza ndi za ku America. Khoma la njerwa zootcha la mamita 6 kutalika, mamita 5 m'lifupi, lokhuthala njerwa imodzi m'litali, limalemera pafupifupi matani 12. Makoma anayi a balani ndiye kuti akuyandikira matani 50, kuposa chinkhokwe cha mu kanema chija. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza, madzi okha ndi matani 5. Ngakhale khoma lofika m'mutu mwa munthu wamkulu likwanira kupha mwana.

Zathuzi zimafookanso m'munsi, ngakhale chifukwa chake ndi china. Zambiri zinamangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, ndipo mvula yodontha padenga imathovukira patsinde n'kumakokolola dothilo chaka ndi chaka. Nthaka ya m'mbali mwa nyanja ndi yamchenga, madzi akakwera maziko amatitimira. Tonse tikukumbukira mmene nyanja inakwerera mu 2024, kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Izi zisanachitike kunali namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Akuluakulu a ku Salima sanaiwale chivomerezi cha mu Marichi 1989. Khoma limene linapirira zonsezi lingaoneke lamphamvu, koma mwina langotsala pang'ono.

Tsono pali chizolowezi chimodzi chimene tiyenera kuchinena poyera. Njerwa zakwera mtengo, nkhuni zootchera zikusowa. Munthu akafuna njerwa makumi awiri zokonzera bafa kapena mafuwa, amapita pa chibalani chakale n'kuzula pamene dzanja likufika, ndiye kuti m'munsi. Mawa wina atengapo khumi. Mkuja wina. Palibe amene akuganiza kuti akugumula, eti, aliyense wangotengapo pang'ono. Koma onse pamodzi akuchita zomwe zija za bambo wa hamala, kusiyana kwake n'kwakuti iye amadziwa tsiku limene chinthu chigwe, pamene ife sitidziwa. Ndipo tsiku limenelo amene amapezeka pamthunzi wa khomalo si wozula njerwa uja. Amakhala ana akusewera masanje, mayi akusankha usipa, kapena mbuzi za mnansi.

Tisanagwire hamala

Ngati pakhomo panu kapena pamudzi pali chinthu chotere chofunika kuchotsa, choyamba dziwani mwini wake. Balani ya pa esiteti, nsanja ya sukulu kapena nyumba ya masiye zili ndi eni. Kambiranani nawo, ndipo amfumu adziwe. Chikakhala chachitali kuposa nyumba wamba, kapena chili pafupi ndi msewu, sukulu kapena nyumba za anthu, pitani ku khonsolo ya boma lanu mukafunse a zomangamanga. Mawaya a magetsi akadutsa pafupi, uzani a ESCOM musanayambe chilichonse. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, itanani mmisiri wodziwa kumanga kuti achizungulire masana, ali chapatali. Aone ming'alu: mng'alu wopita chopingasa m'munsi, kapena umene walekanitsa makoma awiri pakona, ndi woopsa kuposa timing'alu ta pulasitala. Aone ngati khoma latupa pamimba kapena lapendekera kunja. Chingwe chomangirira kamwala chikulendewera chimaonetsa bwino. Akapeza kuti chapendekeka kale, kapena m'munsi munazulidwa njerwa, munthu asakwerepo ndipo asayime pansi pake. Chimenecho ndi cha makina kapena chingwe chochokera kutali.

Chachitatu, pimani malo. Yezani msinkhu wa chinthucho, muwirikize kawiri, ndipo mtunda umenewo muutchinge mbali zonse ndi chingwe kapena nthambi zaminga, osati mbali yokhayo imene mukuyembekeza kuti chigwere. Khoma la mamita 6, anthu akhale mamita 12. Muike munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'anira malire basi, asagwire china. Ana ntchito yotere imawakoka ngati gule. Ngati n'kotheka igwireni iwo ali kusukulu kapena kumadrasa. Ziweto zitsekeredwe, mathandala a usipa ndi maukonde oyanika zisunthidwe.

Chachinayi, onani zokhalamo. M'mabalani ndi m'matanki akale mumakhala njuchi, mavu ndi njoka. Munthu ali pamwamba akalumidwa ndi njuchi amadumpha asanaganize. Thanani nazo tsiku lina ntchito isanayambe. Ndowe za mileme muziwaze madzi musanasese, ndipo muvale masiki. Denga likakhala la malata otuwa a asibesitosi aja, samalani kwambiri: fumbi lake limayambitsa matenda a mapapo ndi khansa imene imaonekera patapita zaka zambiri. Anyowetseni, amasuleni athunthu, osawaswa kapena kuwacheka, ndipo musawapondepo chifukwa amaboka mosachenjeza. Zidutswa zake musayanikepo nsomba kapena ufa, musapatse ana kuseweretsa.

Chachisanu, sankhani nyengo. Nthawi ya mvula dothi la pakati pa njerwa limakhala lofewa, pansi poterera. Nthawi ya mwera khoma loima lokha limakankhidwa ngati thanga la bwato. Nthawi yabwino ndi chilimwe, mwera utaleka, mvula isanayambe, ndipo muyambe m'mamawa kukadali bata. Mphepo ikadzuka, tsikani.

Kupasula kwake

Lamulo ndi limodzi: chimene mmisiri anamalizira ndi chimene inu muyambire. Denga linaikidwa pomaliza, ndiye lichoke poyamba. Koma dziwani kuti mitanda ya denga imagwiranso makoma kuti asatayane, choncho denga likachoka makoma amatsala ofooka kuposa kale. Musachotse denga lero n'kudzabwera mwezi wamawa.

Imani pa sikafodi yoima payokha kunja kwa khoma, ya mapolo olimba ndi matabwa osafumbwa. Musakhale pakhoma ngati pa njinga, ndipo makwerero musawatsamiritse pa khoma limene mukupasula. Chotsani mzere umodzi wa njerwa kuzungulira makoma onse anayi, kenaka wotsatira, kuti onse azitsika mofanana. Makona ndi amene amagwiriziza makoma. Mukamaliza khoma limodzi mpaka pansi n'kusiya linzake lili njo, mwapanga msampha. Njerwa zitsike ndi ndowa pachingwe, kapena zitsetsereke pa thabwa kupita malo amodzi odziwika, ndipo wotola asalowepo mpaka wa pamwamba atanena kuti lowa. Pamutu pakhale chipewa cholimba. Ngakhale helemeti ya kabaza wa njinga yamoto iposa kapusi. Dzuwa likamalowa, siyani makoma ali ofanana msinkhu, popanda njerwa yolendewera, malire aja ali chitchingire.

Nsanja ya thanki, yambani n'kukhuthula madzi onse, kudula magetsi a pampu ndi kumasula mapaipi. Thanki itsike ndi zingwe, kenaka nsanja ipasulidwe kuchokera pamwamba. Ikakhala yachitsulo, musadule mwendo uliwonse m'munsi pamene pamwamba pakadali polumikizana. Uvuni wa njerwa udikireni uzizire bwinobwino, muupasule kuchokera pamwamba motsika ngati masitepe, ndipo munthu asalowe m'ngalande za moto kukasolola njerwa zopsa bwino zija, ngakhale zikhale zokongola chotani. Thanki ya pansi kapena dzenje lotsekeka kwa nthawi yaitali, munthu asalowemo yekha. Nkhani ya mpweya ija si ya ku America kokha.

Njira imeneyi ili ndi phindu lake. Khoma logwetsedwa kamodzi limaswa njerwa zambiri, mumatolapo zibuma. Lopasulidwa mzere ndi mzere, makamaka lomangidwa ndi dothi, limakupatsani njerwa zathunthu zoti mumangire kapena mugulitse. Tsiku limodzi kapena awiri owonjezera amadzilipira okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za chingwe, asodzi mukudziwa kale

Pamene chinthu chapendekeka moti sichingakweredwe, ndipo chikatapila palibe, chotsala ndi kukoka. Apa alovi ndi onse okoka khoka ali ndi nzeru imene ena alibe. Mukudziwa kuti chingwe cha nayiloni chimatamuka chikakokedwa, ndipo chikaduka chimabwerera ndi mphamvu yothyola mwendo kapena kuchotsa diso. Mukudziwanso kuti chingwe chimene chakhalitsa padzuwa ndi m'madzi sichidalirika. Choncho chingwe chakale cha khoka si chogwetsera khoma. Pafunika chingwe chachitsulo kapena tcheni cholimba, chotalika kuposa kawiri msinkhu wa chinthucho.

Pochimanga, munthu asakwere. Ponyani kachingwe kopepuka kudzera pawindo kapena pamwamba, kapena kadutsitseni ndi nsungwi yaitali, kenaka kakokereni chachikulucho. Thirakitala kapena lole ikoke pang'onopang'ono, osati mogwedeza, ndipo pasakhale munthu m'mbali mwa chingwe kapena pakati pa galimoto ndi khoma. Wolamula akhale mmodzi, monga m'bwato mumakhala mmodzi wonena kuti ponyani. Anthu asanu akamakuwa nthawi imodzi, woyendetsa samva aliyense.

Mukakoka chinthu n'kukana kugwa, kapena chagwa theka, imani pomwepo. Musatume mnyamata kuti akaone. Musapite ndi piki kukathandizira m'munsi. Tchingani malo, ikani mlonda, mukafune makina kapena munthu wodziwa, ngakhale zitenge masiku. Chikagwa, dikirani fumbi lithe ndipo muonetsetse kuti palibe chidutswa chotsala chili chiimire musanayandikire.

Ngozi ikachitika

Tipemphe kuti zisatifike, koma tidziwiretu chochita. Khoma likagwera munthu, choyamba yang'anani m'mwamba: kodi chotsala chingagwenso? Opulumutsa asasanduke ovulala. Anthu asaunjikane pamulu wa njerwa, chifukwa kulemera kwawo kumapsinja amene ali pansi. Khalani chete pang'ono kuti mumve kumene akuitanira. Fukulani ndi manja, osati makasu kapena mapiki, muyambire kumutu ndi pachifuwa kuti apume. Musamukoke mikono kapena miyendo. Akatuluka, mugonekeni pa chitseko kapena thabwa, mutu, khosi ndi msana zili mowongoka, chifukwa msana wothyoka ukapindidwa munthu amalumala moyo wonse. Pamene pakutuluka magazi, dinikizani ndi nsalu yoyera.

Mutengereni kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Munthu amene mwendo kapena thupi lake lapsinjika kwa nthawi yaitali angathe kuyenda lero, impso n'kudzaleka kugwira ntchito mawa kapena mkuja. Mukafika, auzeni achipatala nthawi imene anakhala pansi pa njerwa. Ndipo galimoto kapena njinga yamoto ikhale yokonzeka ntchito isanayambe, osati kuyamba kuifunafuna munthu atavulala.

Tiyende tione

Chimene tikupempha si chovuta. Sabata ino, akuluakulu angapo a pamudzi kapena a komiti ya padoko ayende ndi amfumu, aone zonse zoimirira zimene zinasiyidwa. Pa chilichonse afunse mafunso atatu: mwini wake ndani, m'munsi muli bwanji, ndipo amakhala pamthunzi wake ndani masana? Chimene chapezeka choopsa chitchingidwe tsiku lomwelo, ndipo pamudzi pamveke kuti kuzula njerwa m'munsi mwa khoma loimirira n'koletsedwa, kaya ndi njerwa imodzi. Kenaka mugwirizane tsiku lopasula mvula isanagwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo sutsitsanso denga.

Anyamata akadzakuonetsaninso kanema wa bambo wa hamala uja, sekani nawo, palibe choletsa. Mukatha kuseka, afunseni kuti akadapunthwa bwenzi nkhani yake itathera pati. Kenaka muwatengere kuseri kwa mudzi kumene kuli chibalani chija, mukawerenge limodzi njerwa zimene zasowa m'munsi.